Kamangidwe ka nyumba za nsomba pansi pa nyanja

Wina wa ku Malombe wafunsa momwe angamizire nthambi ndi nsungwi kuti chambo ndi kambuzi zibwerere pamalo pomwe makoka a nkacha anakokolola udzu wonse wa pansi.

Musanadule kanthu, kambiranani ndi komiti yoyang'anira zausodzi padoko (BVC), amfumu komanso alangizi a zausodzi kuti mugwirizane za malo. Izi musazidumphe ayi, chifukwa ukonde wa mnzanu ukakodwa pa zinthu zomwe sanauzidwe, mlandu wabuka. Sankhani malo osazama kwambiri, poduka mphepo ya mwera, komanso kutali ndi njira ya maboti.

Kenako dulani nsungwi zokhwima, muzisongole mbali imodzi ndi kuboola mfundo zake kuti madzi alowe, apo ayi zimayandama. Nthambi tengani zosadzula kumunda monga za mango, osati kugwetsa mitengo ya m'nkhalango. Zisiyeni padzuwa masamba ayoyoke kaye, poti masamba ambiri akamawolera malo amodzi amatha mpweya m'madzi.

Mangani nthambizo m'mitolo ndi chingwe cholimba, mtolo uliwonse muumangirire mwala waukulu kapena thumba la mchenga. Pitani pa bwato m'mamawa nyanja ili bata. Zikani nsungwi m'matope mozungulira, mitolo muimize pakati, koma mosapanikiza, nsomba zipeze mipata yolowera. Pamwamba ikani chigubu chooneka patali.

Pakapita masabata angapo pamamera ndere, tiana ta nsomba timadya pomwepo n'kumabisala. Musathamangire kuvuwulapo. Nthambi zimawola, choncho muziwonjezera zina chaka ndi chaka.