Momwe mungayendere ulendo wa tsiku limodzi pa sitima yapamadzi kuchoka ku Helsinki kupita ku Tallinn

Helsinki ndi likulu la dziko la Finland, Tallinn ndi likulu la dziko la Estonia, ndipo mizinda iwiriyi inayang'anizana, pakati pali nyanja ya Gulf of Finland. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 80, kungopitirira pang'ono pamene nyanja ya Malawi inatakata kwambiri. Sitima zimaoloka m'maola awiri kapena awiri ndi theka, kangapo patsiku, chaka chonse, ngakhale nthawi imene madzi amaundana. Ndiye ngati mwapita ku Helsinki kusukulu, kumsonkhano kapena kukazonda abale, mutha kulawirira m'mawa, nkhomaliro n'kukadyera dziko lina, usiku n'kudzagona pamene munagona dzulo.

Ulendo wake ndi wosavuta. Chimene chimagwetsa anthu mphwayi ndi kusokoneza madoko ndiponso kusawerengera nthawi yobwerera. Zimenezi mukazigwira bwino, zotsalazo ndi kuyenda pansi basi.

Yambani ndi mapepala

Mayiko onse awiri ali m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene munthu amayendamo ndi viza imodzi. Finland inalowamo mu 2001, Estonia kumapeto kwa 2007. Tanthauzo lake n'lakuti viza ya Schengen imene munalowera ku Finland ndi yomweyo imene ikugwireni ntchito ku Estonia. Ngakhale ikhale ya kulowa kamodzi kokha musade nkhawa, chifukwa pooloka nyanjayi simunatuluke m'chigawocho. Amene ali ndi chilolezo chokhalira ku Finland nawonso amaoloka popanda viza ina. Koma abale athu a ku Britain amve bwino apa: viza kapena chilolezo chokhalira ku Britain si cha Schengen, ndipo ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi muyenera kupeza kaye viza ya Schengen musanaganize za ulendowu.

Pasipoti muitenge. Anthu ambiri amaoloka osafunsidwa ndi aliyense, koma a kampani ya sitima kapena apolisi a m'malire ali ndi ufulu wokufunsani nthawi iliyonse. Chithunzi cha pasipoti cha pafoni sichilowa m'malo mwa pasipotiyo. Ngati muli ndi khadi la chilolezo chokhalira m'dzikomo, liikeni pamodzi.

Sankhani sitima, ndipo doko lake mulidziwe

Makampani akuluakulu amene amayendetsa anthu pa njirayi ndi atatu: Tallink, Eckerö Line ndi Viking Line.

Tallink ili ndi sitima ziwiri zothamanga, Megastar imene inayamba ntchito mu 2017 ndi MyStar ya mu 2022. Iliyonse imanyamula anthu 2,800 ndipo imaoloka m'maola awiri. Eckerö Line imayendetsa Finlandia, imene imatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 15. Makampani awiriwa amanyamukira ku West Harbour, pa Terminal 2, m'dera la Jätkäsaari. Viking Line ili kwake kwayokha: sitima yake ya Viking XPRS imanyamukira ku Katajanokka, mbali ina ya mzinda, ndipo imatenga maola awiri ndi theka. Imachedwako, koma potuluka imadutsa m'mphepete mwa linga lakale la pazilumba za Suomenlinna, pa mpata wopanikiza moti mumaona ngati sitima ikhula miyala. Ngati simuli pa changu, zimenezo zokha n'zokwanira kuisankhira.

Pali msampha umodzi. Posaka matikiti mutha kuona ulendo wotchipa wolembedwa Vuosaari kupita ku Muuga. Umenewo ndi wa sitima yonyamula malole ndi magalimoto, ndipo madoko onse awiri ali kutali ndi pakati pa mizinda. Woyenda pansi ausiye.

Gulani tikiti ya tsiku limodzi

Gulani pa intaneti, pa tsamba la kampani yeniyeniyo. Musagule matikiti awiri osiyana, wopita ndi wobwerera, musanayang'ane kaye mtengo wa ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Makampani onse atatu amaugulitsa padera ndipo kawirikawiri umatsika kwambiri, nthawi zina mpaka kutchipa kuposa tikiti yopita kokha. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: akudalira kuti mukagula chakudya ndi katundu m'sitimamo. Mitengo imasintha malinga ndi tsiku. Pakati pa sabata imakhala yofewa, Loweruka ndi m'miyezi ya June, July ndi August imakwera.

Posankha nthawi, yambirani kumapeto. Dzifunseni kuti mukufuna kudzafika nthawi yanji ku Helsinki usiku, kenako bwererani m'mbuyo. Ine ndimati tengani sitima ya m'mawa, ya pakati pa 7 ndi 9 koloko, mubwerere ndi ya madzulo. Mukatero mumakhala ndi maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo mu mzindamo. Ena amanyamuka masana n'kupeza kuti ali ndi maola atatu okha, theka lake n'kuthera pa kuyenda kuchoka kudoko ndi kubwererako. Onetsetsaninso kuti simunagule ulendo wogona m'sitima, chifukwa nawonso umagulitsidwa pa tsamba lomwelo.

Chipinda chogona simukuchifuna pa maola awiri. Tikiti wamba ilibe nambala ya mpando, mumakhala paliponse pamene mwapeza malo.

Kufika kudoko

Ku West Harbour kumapita ma tram, tisitima ta mumsewu tija, nambala 7 ndi 9, ndipo amakutsitsani pakhomo penipeni pa Terminal 2. Samalani kuti musatsike msanga musanafike pa Terminal 2. Wopita ku Katajanokka akwere nambala 4 kapena 5. Tikiti ya tram sagulitsa dalaivala. Gulani pa app ya HSL, bungwe loyendetsa ma tram ndi mabasi a ku Helsinki, kapena pa makina musanakwere, ndipo tikiti ya zigawo AB ndi yokwanira.

Fikani kutatsala mphindi 45 kapena ola lathunthu. Zipata zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane, ndipo nthawi yeniyeni yotsekera imalembedwa pa tikiti yanu. Sadikira munthu. Mukachita check-in pafoni mumalandira kachizindikiro ka QR koonetsa pa geti, apo ayi mumasindikiza kakhadi pa makina a m'holomo. Foni ikhale ndi moto wokwanira tsiku lonse, popeza tikiti yobwerera ili momwemo. Mukadutsa geti pali khonde lalitali lagalasi lokafika pakhomo la sitima, ndiye amene muli ndi ana aang'ono kapena achikulire muwerengerenso mphindi zimenezo.

M'sitimamo

Anthu ozolowera njirayi akangolowa amathamangira mipando ya pawindo, makamaka pamene pali soketi yotchajira foni. Inunso pezani kaye malo, zoyendayenda zibwere pambuyo. Muli malo odyera angapo, ogulitsira khofi, sitolo yaikulu, malo osewerera ana ndi malo oikako zikwama. Chakudya cha m'mawa chodzitengera wekha chimakhalapo ndipo chimatsikako mtengo mukalipiriratu pogula tikiti. Sikuti n'chokakamiza. Khofi ndi banzi zimakufikitsani.

Kwerani pamwamba panja ponyamuka ndi pofika, koma valani jekete ngakhale kukhale kwa dzuwa, chifukwa mphepo ya panyanja ya Baltic imalowa m'mafupa. Poyandikira Tallinn mudzaona nsonga za matchalitchi zikutuluka pang'onopang'ono, yaitali kwambiri ndi ya St Olaf, ndipo muiloweze chifukwa ikhala chizindikiro chanu tsiku lonse.

Sitimazi n'zazikulu, sizigwedezeka kwambiri. Komabe kumapeto kwa chaka kukachita mkuntho mafunde amamveka. Amene mumachita nseru khalani pakatikati pa sitima, cham'munsi, ndipo musayang'anitsitse pafoni. Za foni zomwezo: SIM ya ku Finland imagwira ku Estonia pa malamulo a European Union, koma pakati pa nyanja foni itha kulumikizana ndi netiweki ya sitima, imene ndi yodula ndipo malamulowo saikhudza. Zimitsani data mugwiritse ntchito wifi. Amene muli ndi SIM yakumudzi, izimitseni ndithu.

Wotchi musaikhudze, mizinda iwiriyi nthawi yake ndi imodzi. Nyengo yozizira imafanananso ndi ya ku Malawi, pamene kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October amakhala patsogolo ndi ola limodzi. Ndalama nayonso ndi imodzi, yuro, imene Estonia inayamba kugwiritsa ntchito mu 2011, ndipo khadi la kubanki limalandiridwa pafupifupi paliponse.

Mukatsika ku Tallinn

Musanachoke padoko, cheukani muone chilembo cha pamene mwatsikira. Tallink imaima pa Terminal D, pamene Eckerö Line ndi Viking Line zimaima pa Terminal A. Malo awiriwa ali mbali zosiyana za doko, ndipo madzulo mutatopa n'kosavuta kutsatira chigulu cha anthu n'kukapezeka kolakwika.

Takisi simukuifuna. Mzinda wakale uli pa mtunda wa mphindi 15 kapena 20 poyenda pansi. Lunjikani nsonga ya St Olaf ija ndipo mudzafika pa nsanja yonenepa yozungulira yotchedwa Paks Margareeta, momwe tsopano muli nyumba yoonetseramo mbiri ya zapanyanja. Chapafupi pomwepo pali chikumbutso cha anthu 852 amene anafa sitima ya Estonia itamira pa 28 September 1994 ikuchoka ku Tallinn kupita ku Stockholm. Alendo ambiri amangochidutsa osadziwa kuti n'chiyani.

Lowani pa chipata cha pambali pa nsanjayo mutsate msewu wa Pikk. Apa ndiye chepetsani liwiro. Msewuwu ndi woyala miyala yobulungira, nyumba zake ndi za amalonda akale a m'mgwirizano wa Hansa, umene unkalumikiza mizinda yamalonda ya kumpoto kwa Ulaya, zazitali, zosongoka pamwamba, ndipo zina zikadali ndi kamtanda kotulukira kunja pansi pa denga kamene ankakokera katundu kumukweza m'nkhokwe zam'mwamba. Mzinda wakalewu unalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1997. Tchalitchi cha St Olaf chili mumsewu womwewu, nsonga yake ndi yotalika mamita pafupifupi 124, ndipo m'miyezi yofunda amalola kukwera pa masitepe opanikiza amiyala. Amene mawondo amavuta asadzizunze, kutsogoloku kuli poonera pena posafuna zonsezo. Cha kumtunda kwa msewuwu kuli Maiasmokk, malo omwera khofi amene akhalapo kuyambira 1864, otchuka ndi maswiti a marzipan opakidwa utoto pamanja.

Mukapitirira mudzatulukira pa bwalo la Raekoja plats, pamene pali holo yakale ya khonsolo ya mzinda. Pakona pake pali Raeapteek, sitolo ya mankhwala imene zolembedwa zimasonyeza kuti inalipo kale mu 1422, ndipo mpaka lero mutha kugulamo mankhwala a mutu. Kulowa n'kwaulere. Mu December pabwaloli pamakhala msika wa Khirisimasi.

Kuchoka apo kwerani phiri la Toompea kudzera mumsewu wa Pikk jalg, wotsetsereka pang'onopang'ono, kapena Lühike jalg, wachidule koma wamasitepe. Pamwamba pali tchalitchi cha Alexander Nevsky chimene chinamalizidwa mu 1900 dzikoli lili pansi pa ufumu wa Russia, ndipo moyang'anizana nacho pali nyumba ya malamulo ya Estonia, Riigikogu. Funsani njira ya ku Kohtuotsa ndi Patkuli. Pamalo awiriwa mumaona madenga ofiira, linga ndi nsanja zake, mpaka doko ndi sitima zitaima, osalipira kanthu.

Nkhomaliro musadyere pabwalo lalikulu lija pokhapokha ngati thumba likulola, chifukwa pamenepo mumalipirira malo. Tsikani masitepe a pa Patkuli muoloke msewu kulowera kusiteshoni ya sitima zapamtunda. Pambali pake pali msika wa Balti Jaama Turg, momwe muli zakudya zophikaphika, nsomba zowamba ndi buledi wakuda wowawasira amene anthu a kuno sadya popanda iye. Kutsogolo pang'ono kuli Telliskivi, mafakitale akale amene anawasandutsa malo odyera ndi masitolo. Pakati pa sabata malo ambiri amakhala ndi mbale ya tsikulo yotsika mtengo nthawi ya masana.

Ngati nthawi yatsala, sankhani chinthu chimodzi chokha. Ine ndingasankhe Lennusadam, kumene mumalowa m'kati mwa Lembit, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ya m'ma 1930. Mukamva kuti mabasi ndi ma tram a ku Tallinn ndi aulere, dziwani kuti zimenezo ndi za nzika zolembetsedwa mu mzindawu, kuyambira 2013. Mlendo amalipira.

Kubwerera

Tcherani alamu pafoni kuti ilire kutatsala ola ndi theka sitima isananyamuke, ndipo ikalira nyamukani. Mu December kunja kumada cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana ndipo miyala ija imaterera ndi madzi oundana, choncho mtunda womwe uja umatalika. Mu June vuto ndi lina: dzuwa limakhala lili pamwamba mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, munthu n'kumaganiza kuti nthawi ikadalipo.

Padoko mudzapeza anthu akukoka tingolo todzaza makatoni a mowa. Ndi anthu a ku Finland, kumene mowa ndi wodula chifukwa cha msonkho. Ngati nanunso mukufuna kunyamulako, ukhale womwa nokha kapena wamphatso, osati wogulitsa, ndipo malamulo a Finland amafuna zaka 18 pa mowa wosapitirira 22 peresenti, zaka 20 pa woposa pamenepo. Sitima yamadzulo imadzaza ndiponso imakhala yaphokoso kuposa yam'mawa, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, ndiye amene muli ndi ana lowani msanga mupeze malo kutali ndi kumabala.

Tikiti ya tram igulireni sitima isanakocheze, chifukwa pa makina a pa Terminal 2 pamakhala mzere wautali anthu onse aja akatsika nthawi imodzi. Ngati mwatenga sitima yomaliza, imene imafika cha pakati pa usiku, yang'aniranitu pa app ya HSL kuti basi kapena sitima ya kumene mukugona imasiya nthawi yanji.