Mfundu, zipere ndi mphere: mugule chiyani ku famase, musiye chiyani pa msika

Munthu akayamba kuyabwa m'mutu kapena akaona tizigamba pakhungu, nthawi zambiri amathamangira pa benchi ya pa msika n'kungoti, "Ndipatseni mankhwala a khungu." Wogulitsa amatola kachubu kalikonse komwe kali pafupi. Koma matenda a pakhungu amafanana maonekedwe pomwe mankhwala ake ndi osiyana, ndipo ena mwa machubu amenewa amakulitsa nthenda. Musanatulutse ndalama, yambani mwadziwa chomwe chakugwirani.

Mfundu sizibwera chifukwa cha uve ayi. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala kafangasi kotchedwa Malassezia komwe kamadya mafuta otuluka m'thupi. Kwa anthu ena khungu siligwirizana nako, ndiye limayabwa n'kumayoyoka tinthu toyera togwera pa kolala ya malaya. Kupaka Vaseline kapena hair food kumangomata tinthu timeneti kuti tisaoneke, koma fangasi uja amakhala akadali pompo.

Mukafika mu shopu kapena ku famase, tembenuzani botolo la shampu muwerenge kumbuyo. Chithunzi cha tsitsi lonyezimira ndi fungo labwino sizichiza munthu. Fufuzani limodzi mwa mayina awa: ketoconazole, yemwe amapezeka mu Nizoral, selenium sulfide wa mu Selsun, kapena zinc pyrithione ndi piroctone olamine omwe amathiridwa m'mashampu ngati Head & Shoulders. Ngati mfundu zanu n'zochepa, yambani ndi omalizawo poti ndi otsika mtengo. Zikakhala zouma khosi, gulani ketoconazole wa 2%. Pamene mfundu zaundana ngati nkhanambo, shampu yokhala ndi salicylic acid imathandiza kuzifewetsa.

Ambiri amati shampu yawakanika pomwe vuto ndi kagwiritsidwe ntchito. Mankhwalawa ndi a khungu la m'mutu, osati a tsitsi. Atikiteni ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kenako dikirani mphindi 3 mpaka 5 musanatsukuluze. Ketoconazole muzisamba naye kawiri pa sabata kwa masabata 2 mpaka 4, zikatha muzimugwiritsa ntchito kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, chifukwa mfundu zimabwereranso mukasiyiratu. Amayi amene mumaluka tsitsi kapena kusoka mesh n'kukhala nazo miyezi iwiri, masulani kaye kuti mankhwala afike pakhungu. Mashampu amenewa amaumitsa tsitsi, choncho pakani kondishina kunsonga. Ndipo ngati relaxer wakuotchani m'mutu, dikirani zilonda zipole.

Makolo, apa mvetsetsani. Mwana wa ku pulayimale amene sanathe msinkhu sakhala ndi mfundu kawirikawiri. Mukaona m'mutu mwake muli zigamba zotuwa, tsitsi likuthothoka kapena kuduka pafupi ndi khungu, kambiri chimenecho ndi chipere cha m'mutu. Fangasi wake amalowa m'kati mwa tsitsi momwe shampu ndi mafuta opaka safika. Mwanayo amafunika mapiritsi, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo mlingo wake amauyeza ku chipatala molingana ndi sikelo ya mwana. Mapiritsiwa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta, ndiye mupatseni atadya phala lothira nsinjiro kapena atamwa mkaka. Mayi woyembekezera asamwe griseofulvin. Chipere chimayenda ndi makina ometera, zipeso, zipewa ndi mitsamiro, kotero pemphani wometa atsuke makina mukuona, ndipo muyang'anenso mitu ya ana ena onse a pakhomo. Zopaka mafuta a buleki kapena madzi a m'batire zija zimangootcha mwana n'kumusiyira chipsera chomwe tsitsi silidzameranso.

Chipere cha pathupi ndi chosavuta. Pakani clotrimazole, miconazole kapena mafuta a Whitfield kawiri pa tsiku, mpaka kunja pang'ono kwa mzere wofiira wozungulira chiperecho, ndipo pitirizani sabata imodzi kapena ziwiri chitazimirira. Zikanga za pachifuwa ndi pamsana zimamva shampu yomweyo ya selenium sulfide kapena ketoconazole yopakidwa pathupi kwa mphindi pafupifupi 10 musanasambe, ngakhale mtundu wa khungu umatenga miyezi kuti ubwerere.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timachubu tolembedwa betamethasone kapena clobetasol tomwe tadzaza m'misika ndi m'masaluni. Amenewa ndi ma steroid amphamvu, mankhwala ochepetsa kuyabwa ndi kutupa. Mukapaka madzulo, m'mawa kuyabwa kwaleka, kufiira kwachepa, ndipo mumati mwapeza mankhwala enieni. Chomwe chachitika n'chakuti chitetezo cha khungu pamalopo chagonetsedwa, fangasi n'kupeza mpata wofalikira. Mukasiya, chipere chomwe chinali ngati ndalama yachitsulo chimabwerera chitakuta ntchafu yonse, chitasinthanso maonekedwe moti ngakhale a dokotala amavutika kuchizindikira. Opaka kumaso kuti ayere amadzaona khungu likupyapyala, timitsempha tikuonekera, ziphuphu zikuchuluka ndi mizere yosafufutika m'mikono ndi m'ntchafu. Ena mwa machubuwa amasakaniza steroid ndi clotrimazole, ndiye werengani mayina onse, osati loyamba lokha. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake, koma akulembereni ndi a chipatala, ndipo musamapake mwana wakhanda kumatako.

Mphere mudzazidziwa ndi kuyabwa koopsa usiku, timatuza pakati pa zala, pamfundo ya dzanja ndi m'chiuno, komanso anthu angapo a nyumba imodzi kumakanda. Izi si fangasi koma tizilombo tokumba m'khungu, ndiye clotrimazole sangathandize. Mankhwala ake ndi benzyl benzoate, wopaka thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka ku zala za kumapazi, banja lonse tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda. Wa ana amamusungunula kaye, choncho funsani mlangizi wa zaumoyo kapena a ku famase. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa, zisitidwe. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri kapena kuposa tizilombo titafa kale.

Gulani ku famase kapena sitolo ya mankhwala yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ndipo onani tsiku lothera ntchito. Pali zina zosayenera kudzigulira nokha mankhwala. Chigamba chotuwa chomwe sichiyabwa ndipo simumva mukachikhudza chikhoza kukhala khate, lomwe limachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere ku zipatala za boma. Mfundu zikafalikira m'nsidze, m'mbali mwa mphuno ndi pachifuwa, n'kukana mankhwala kwa mwezi wathunthu, pitani akakuoneni ndipo mukayezetsenso HIV, chifukwa nthawi zina khungu ndi lomwe limayamba kusonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Popita, tengani botolo kapena chubu chomwe mwakhala mukupaka kuti a dokotala akachiwerenge.