Kudyetsa chinkhwe nyemba: kaphikidwe, muyeso ndi zoyenera kupewa

Zinkhwe zambiri zoweta pakhomo zimakhalira mpendadzuwa ndi mtedza tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi zimene zimakonda ndipo mwini wake safuna kulimbana nazo. Chakudya chotere chili ndi mafuta ochuluka, koma vitamini A ndi kashiamu n'zochepa, ndipo mapuloteni ake ndi operewera lysine, chimodzi mwa zinthu zimene thupi la mbalame silingadzipangire lokha. Nyemba zili ndi lysine wambiri. Chimene zimaperewera ndi methionine, amene amapezeka mu mpunga, mapira, mawere ndi chimanga. N'chifukwa chake nyemba siziperekedwa pazokha: zimayenda ndi mbewu za m'gulu la chimanga, kuti chosowa mu ichi chipezeke mu icho. Nyemba zouma zili ndi mapuloteni opitirira pang'ono magawo 20 pa 100, ndipo zikapsa, poti zamwa madzi, amatsika kufika magawo 8 kapena 9.

Koma nyemba yaiwisi ndi poizoni. Nyemba wamba zonse, kaya Nanyati, Napilira, Kholophethe kapena Phalombe, ndi mtundu umodzi wa mbewu, ndipo zili ndi puloteni yotchedwa phytohaemagglutinin imene imamatirira kukhoma la matumbo n'kuliwononga. Nyemba zofiira zooneka ngati impso ndi zimene zili nayo yambiri: zaziwisi zimakhala ndi mayunitsi 20,000 mpaka 70,000, pamene zopsa bwino zimatsala ndi 200 mpaka 400 okha. Zoyera zili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zofiira, komabe ndi zambiri ndithu kwa mbalame. Munthu wamkulu amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba atadya nyemba zofiira zaziwisi zinayi kapena zisanu zokha. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija amati African grey, chimalemera magalamu 400 mpaka 500, ndipo kachinkhwe kakang'ono kotchedwa lovebird sikafika magalamu 60.

Kuviika kokha sikuchotsa poizoniyu. Chimene chimamuwononga ndi madzi obwata kwenikweni. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa nyemba zotenthedwa pa 80 °C osawira zingakhale ndi poizoni woposa wa zaziwisi mpaka kasanu. Choncho mphika wosiyidwa pa mbaula imene makala ake akuzilala, kapena poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono tsiku lonse, ungatulutse nyemba zofewa kunja koma zoopsa. Kufewa si umboni woti zawira.

Yambani ndi kugula bwino. Nyemba za pamsika nthawi zambiri zimakhala zothiridwa mankhwala a ufa ophera anankafumbwe monga Actellic, ndipo mbalame sizipirira mankhwala a mtundu umenewu. Funsani wogulitsa, nunkhizani, pisani dzanja m'thumba muone ngati likutuluka ndi ufa woyera. Zikakayikitsa zisiyeni. Mbewu yobzala, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, siyenera kufika pafupi ndi khola n'komwe. Nyemba za chaka chino n'zabwino kuposa zogonera, chifukwa zakale zimalimba ndipo zimavuta kupsa mpaka mkati. Petani, sankhani timiyala, tayani zofumbwa, zonyala ndi zonse zooneka chuku.

Kapu imodzi ya nyemba zouma imatulutsa makapu awiri ndi theka a zophika, zomwe ndi zochuluka kwa chinkhwe chimodzi, ndiye theka la kapu ndi poyambira pabwino. Tsukani kawiri kapena katatu, kenako viikani m'madzi ozizira ochuluka katatu kuposa nyembazo kwa maola 8 mpaka 12. M'miyezi yotentha, Okutobala ndi Novembala, viikirani m'filiji kapena sinthani madzi pakati, apo ayi zimayamba kusasa ndi kuchita thovu. Madzi oviikirawo tayani. Amapita ndi shuga wina wotupitsa m'mimba komanso gawo lina la phytate, chinthu chimene chimagwira kashiamu ndi zinki kuti thupi lisazitenge. Kwa African grey izi n'zofunika kwambiri, chifukwa mtundu umenewu umadziwika ndi vuto la kuchepa kwa kashiamu m'magazi, limene limaugwetsa pamtengo wokhalapo ndi kuukomola.

Thirani madzi atsopano opitirira nyemba ndi masentimita asanu, ikani pamoto waukulu. Nthawi muyambe kuwerenga madzi akayamba kubwata mwamphamvu, osati pamene mwateleka. Mphindi 10 ndiye malire otsikitsitsa odziwika, koma perekani mphindi 30. Chifukwa china n'chakuti malo okwera madzi amawira asanafike 100 °C: ku Lilongwe amawira pafupifupi pa 96 kapena 97 °C, ku Dedza ndi ku Johannesburg pafupi ndi 94 kapena 95 °C, ndipo kuphika kumatenga nthawi yotalikirapo. Yengulani thovu, ndipo madzi akachepa onjezerani otentha kale kuti kuwira kusaleke. Zikatha mphindi 30 zija chepetsani moto, zipitirire ola limodzi kapena kuposerapo. Kuti mudziwe kuti zapsa, tengani nyemba zisanu m'mbali zosiyana za mphika, muzifinye pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Zonse zisanu ziphwanyike mosavuta, popanda kachinthu koyera kolimba pakati. Imodzi ikakana, mphika ubwerere pamoto. Amene ali ndi pressure cooker, poto wotsekeka kwambiri wophika ndi mphamvu ya nthunzi, ntchito imawachepera, chifukwa kutentha kwa mkati mwake kumapitirira 100 °C.

Musathire chilichonse mumphikamo. Mchere umalemetsa impso za mbalame. Soda ndi chidulo zimafewetsadi nyemba msanga, koma zimawononga vitamini B1, ndipo soda amawonjezera sodium. Anyezi ndi adyo zimawononga maselo ofiira a magazi a mbalame. Pachifukwa ichi nyemba za ndiwo za banja si za chinkhwe. Ngati mukuphika mphika umodzi, patulani gawo lake zikangopsa, musanathire mchere, mafuta ndi zokometsera. Nyemba za m'chitini zimakhala zopsa kale ndipo za poizoni uja palibe nkhawa, koma zambiri zimakhala m'madzi a mchere, ndipo zija za msuzi wa tomato zili ndi shuga ndi zokometsera, choncho si za mbalame. Za m'madzi okha zingathandize tsiku limene mwapanikizika mutazitsuka bwinobwino pa sefa. Poto nayenso muonetsetse: mapoto osamatirira opakidwa PTFE akapserera pamoto, kupitirira 260 °C, amatulutsa mpweya umene umapha mbalame m'mphindi zochepa. Mphika wa nyemba umaiwalika mosavuta mpaka madzi kuuma, ndiye gwiritsani ntchito poto wachitsulo wamba, khola likhale kutali ndi khitchini.

Mitundu ina ndi yosavuta kuposa nyemba wamba. Mphodza, khobwe, nandolo, nsawawa, tchana ndi nzama zonse zingaperekedwe zitaviikidwa ndi kuphikidwa mpaka kufewa, ndipo mphodza zimapsa m'mphindi 30 kapena 40 zokha. Zitheba zanthete zifutseni m'madzi owira mphindi zochepa. Soya wosaphika ali ndi zinthu zotsekereza kugayika kwa mapuloteni, ndipo amafuna maola ambiri pamoto; phindu lake silifanana ndi makala amene angathe. Nyemba za mtundu wotchedwa lima zili ndi linamarin, amene amatulutsa poizoni wotchedwa cyanide, choncho ziwire nthawi yaitali mphika uli wosavundikira. Kalongonda musamuyese n'komwe. Anthu amamudya atamuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo chifukwa cha chinthu choopsa chotchedwa L-dopa chimene chilimo, ndipo palibe chifukwa choikira kanyama ka theka la kilogalamu pachiswe chotere.

Chakudya chenichenicho chikhale chosakaniza: magawo awiri a mbewu zophika monga mpunga wosapuntha kwambiri, mapira, mawere kapena chimanga, gawo limodzi la nyemba, ndi magawo awiri kapena atatu a masamba ndi zina zodula timizidutswa. Mbatata yofiira mkati, maungu ndi karoti zimabweretsa vitamini A amene nyemba zilibe. Bonongwe, mpiru ndi nkhwani zimawonjezera kashiamu. Tsabola wowawa mungaikemo, mbalame sizimva kuwawa kwake ndipo zinkhwe zambiri zimakonda njere zake. Peyala lisalowemo ngakhale kachidutswa, ndi poizoni kwa zinkhwe.

Pa muyeso, African grey kapena chinkhwe cha mtundu wa Amazon apatsidwe masupuni aakulu awiri a chosakanizachi patsiku, zomwe zikutanthauza nyemba zokwana supuni yatiyi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Zinkhwe zapakati, monga Meyer's, Senegal ndi chinkhwe cha mutu wofiirira chimene chimapezeka m'madera otsika a Malawi ndi Mozambique, zolemera magalamu 120 mpaka 150, supuni yaikulu imodzi yosadzaza ndi yokwanira. Kwa tizinkhwe tating'ono monga cockatiel, lovebird ndi budgie supuni yatiyi imodzi, nyemba zake zikhale zophwanya kapena mphodza. Kupereka chosakanizachi masiku atatu kapena anayi pa sabata ndi bwino. Nyemba zikapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chonse zimayamba kulanda malo a zina, ndipo chinkhwe chimene chimadya kale mapeleti opangidwira zinkhwe chimafuna zochepa kuposa apa, popeza mapuloteni chikuwapeza kale. Zinkhwe zotchedwa lory ndi lorikeet, zimene zimadya timadzi ta maluwa ndi mungu, sizili m'gulu limeneli. Mbalame imene inapezeka ndi vuto la impso isawonjezeredwe mapuloteni dokotala wa ziweto asanavomere. Chachikazi chimene chimaikira mazira pafupipafupi chichepetsedwe chakudya chofunda ndi chofewa, chifukwa chakudya chotere chimadzutsa chilakolako choswa.

Chakudya chonyowa chimawonongeka msanga. Chiperekeni chitazizira mpaka kufunda pang'ono. Chotenthetsa mu microwave chimakhala ndi malo ena otentha kwambiri amene angawotche chithokomiro, ndiye takasani ndi kuyesa ndi chala. Mbale ichoke m'khola pakatha maola awiri nyengo yotentha, kapena anayi nyengo yozizira, itsukidwe ndi sopo. Yang'ananinso pansi pa khola ndi m'mbale ya madzi, chifukwa zinkhwe zimakonda kunyika chakudya m'madzi akumwa, n'kuwasandutsa msuzi wowola dzuwa lisanapendeke. M'filiji nyemba zophika zimakhala masiku atatu. Zotsala ziumitseni m'timathireyi ta ayisi, kabowo kamodzi kakhale chakudya cha tsiku limodzi, ndipo zimasungika miyezi itatu. Magetsi akathima nthawi yaitali mpaka zonse kusungunuka ndi kufunda, tayani, musaumitsenso. Fungo losasa ndi kutelera ndi zizindikiro zoti zapita kale, koma mabakiteriya amachuluka fungo lisanamveke.

Njira ina ndi kumeretsa, monga timachitira ndi mawere pokonza chimera cha thobwa. Imeneyi ndi ya mbewu zazing'ono zokha: mphodza, nsawawa ndi tinyemba ting'onoting'ono totchedwa lentil ndi adzuki. Nyemba wamba, lima ndi soya zimakhalabe ndi poizoni wake zikamera, ndiye ngati mwazimeretsa ziphikeni ndithu. Viikani supuni zazikulu ziwiri za mphodza usiku umodzi, tsanulani madzi, ikani m'botolo lagalasi lotsekedwa pakamwa ndi kansalu kopyapyala, mulipendeketse kuti madzi azitsika ndi mpweya uzilowa. Tsukuluzani ndi madzi abwino akumwa kawiri patsiku, katatu kukatentha. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kamuzu kakafika theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, zakonzeka. Chinyezi ndi kufunda zimene zimameretsa mbewu ndi zomwezonso zimene mabakiteriya a Salmonella ndi chuku zimakonda, choncho chilichonse chonunkha, choterera kapena chakuda chitayidwe chonse, osasankhamo zabwino. Kwa mwana wa chinkhwe, chokalamba kapena chodwala, viikani zomerazo m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu musanapereke.

Chinkhwe chozolowera mpendadzuwa chingakane nyemba kwa masabata angapo, n'kumazitaya pansi imodziimodzi. Perekani m'mawa chili ndi njala, mbale ya mbewu ibwere pakatha ola limodzi kapena awiri. Pangani chipere chopanda mchere, musakanize ndi mbatata, muwazepo njere zochepa zimene chimakonda kuti pozitola chilaweko. Zinkhwe zimadya m'magulu ndipo zimatengera anzawo, choncho kudya pamaso pake kumathandiza. Osachimana chakudya kuti chigonje. Mbalame yaing'ono ingafooke kwambiri m'tsiku limodzi kapena awiri osadya. Chiyezeni pa sikelo ya kukhitchini kamodzi pa sabata, m'mawa chisanadye, ndipo chikataya magawo 10 pa 100 a kulemera kwake pitani nacho kwa dokotala.

Zitosi zimasintha chakudya chonyowa chikayamba, ndipo izi zimaopsa anthu pachabe. Chitosi cha mbalame chili ndi mbali zitatu: cholimba, choyera, ndi madzi a mkodzo. Madziwo akachuluka koma cholimbacho chili ndi maonekedwe ake, palibe vuto. Choopsa ndi cholimbacho kusungunukiratu, kuoneka magazi, kapena choyera chija kusanduka chachikasu kapena chobiriwira. Chinkhwe chikadya nyemba yaiwisi kapena yosapsa, yang'anirani kusanza, kumene kumadziwika ndi kupukusa mutu ndi chakudya kumatirira pa nthenga za kumutu, kenako kuimika nthenga, kusinza masana ndi kukhala pansi pa khola. Musachisanzitse ndiponso musachithire madzi kapena mkaka kukamwa mokakamiza, angalowe m'mapapo. Chiikeni pamalo abata ofunda pafupifupi 28 mpaka 30 °C, madzi akumwa ali pafupi, ndipo pitani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo mutatenga nyemba zotsalazo, mukudziwa nthawi imene chinadya ndi kuchuluka kwake.