Momwe mungatengere galimoto yamagetsi pa lease kuno ku UK osadzalira nayo nthawi yozizira

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leeds, patsiku ndimalowa nyumba khumi kapena kuposa, nde galimoto kwa ine ndi khasu lenileni, ikafa basi tsikulo palibe cholowa. Mwezi uno wokha anthu atatu apagulu lathu la WhatsApp anditumizira zithunzi za ma deal a lease (kubwereka galimoto kwa zaka zingapo n'kumalipira pamwezi), galimoto yamagetsi yatsopano pamtengo wotsika kwambiri, akufunsa kuti asisi ndi zoona zimenezi? Ndi zoona abale anga, si zakuba. Boma la UK linaika lamulo loti pa magalimoto 100 atsopano omwe kampani ikugulitsa, 22 akhale amagetsi mu 2024 ndipo 28 mu 2025, ikalephera ilipira chindapusa, nde makampani amatsitsa mitengo kuti afikitse nambala. Kuwonjezera apo mu July 2025 munabwera Electric Car Grant yomwe imachotsa mpaka £3,750 pa magalimoto ena osapitirira £37,000. Koma mtengo wapamwezi womwe amaulemba ndi zilembo zikuluzikulu uja si nkhani yonse, nde tsatirani izi musanasaine.

Choyamba: muzitchaja kuti?

Yambirani apa musanayang'ane n'komwe mtundu wa galimoto. Ngati pakhomo panu pali poimika galimoto ndipo landilodi walola kuti muike tchaja, mwapata, chifukwa makampani ogulitsa magetsi ngati Octopus ali ndi mitengo yausiku yosafika 10p pa kWh (yuniti imodzi ya magetsi). Koma tchaja yothamanga ya pamsewu nthawi zambiri imadutsa 70p pa kWh, ndipo VAT yake ndi 20 peresenti pomwe yakunyumba ndi 5. Ambiri a ife timakhala m'mafulati kapena nyumba zogundana zija zoimika galimoto pamsewu, ndipo ngati ndi choncho tsitsani Zapmap pafoni muone matchaja ali pafupi nanu ndi mitengo yake, muwerengere moona mtima. Munthu wodalira tchaja yothamanga yokhayokha akhoza kumawononga ndalama zofanana ndi za petulo, mwinanso kuposa.

Chachiwiri: tengani pepala ndi cholembera

Pa lease iliyonse pamakhala manambala ngati 9+35. Tanthauzo lake mwezi woyamba mulipira miyezi 9 pakamodzi, kenako miyezi 35 yotsalayo mtengo wamba. Tiyerekeze alemba £199 pamwezi. Poyambira ndi £1,791, yotsalayo ndi £6,965, broker (wokulumikizani ndi kampani ya lease) akaikapo fizi yake tinene £300, zonse pamodzi £9,056. Gawani ndi miyezi 36 muona kuti mukulipira £251 ndi kanthu pamwezi, osati £199. Ndalama yoyambirayo si dipoziti, simudzabwezeredwa, ndipo galimoto sidzakhala yanu, zaka zikatha amadzaitenga. Chitani masamu omwewa pa deal iliyonse kenako muyerekeze. Inshuwalansi pa lease wamba mulibemo, mukadula nokha ndipo amafuna ya fully comprehensive, nde funsani mtengo wake kaye ndi mtundu weniweni wa galimotoyo, kwa ife omwe laisensi ya UK ndi yatsopano inshuwalansi imatha kukwera mpaka kufanana ndi lease yomweyo. Muwauzenso a inshuwalansi kuti mumayendera ntchito kuchoka nyumba ina kupita ina, pamafunika ya business use.

Chachitatu: mamailosi

Ma deal otchipitsitsa amakhala a mamailosi 5,000 pachaka. Kwa munthu wa ntchito ngati yanga amenewo ndi a miyezi inayi kapena isanu basi. Ine lease yanga yoyamba ndinatenga ya 8,000 pofuna kupulumutsa kandalama pamwezi, pobweza galimoto ndinali nditapyola kwambiri ndipo kalata yomwe inabwera inandisowetsa tulo, mailo iliyonse yopyola ili ndi mtengo wake wolembedwa mu kontrakiti momwemo koma ine sindinawerenge. Onani pa mapepala a MOT ya galimoto yomwe muli nayo pano, pamalembedwa mamailosi chaka ndi chaka, chotserani muone zomwe mumayendadi, muwonjezepo maulendo a ku Manchester kapena Nottingham kumaliro ndi kuzinkhoswe.

Chachinayi: za kuzizira, ndipo apa ndichedwapo

Galimoto ya petulo imakufunditsani ndi kutentha kwa injini komwe kukanangotayika. Yamagetsi ilibe zimenezo, kutentha kulikonse kukuchoka mu batire momwemo momwe mukuyendera, komanso batire ikazizidwa payokha imagwira ntchito mofooka. Bungwe la AAA ku America linayesa mu 2019 n'kupeza kuti pa madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro, hita itayatsidwa, mtunda womwe galimoto ikanayenda unatsika ndi 41 peresenti, pomwe hita itazimitsidwa unatsika ndi 12 yokha. Kuno sikuzizira choncho tsiku lililonse koma mukuona pomwe magetsi akuthera, ndi pa hita.

Ndipo ife a ntchito zam'makomo ndi omwe zimatipweteka kwambiri. Mmawa wa January, 6 koloko kudakali mdima, galasi lauma gwaa ndi chisanu, mwatenthetsa galimoto, mwayenda mphindi zisanu ndi zitatu, mwalowa kwa agogo kukawasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala, mukamatuluka patatha theka la ola mkati mwazizirirati ngati mufiriji, hita iyambirenso pachiyambi. Kuchita zimenezi kakhumi patsiku, nambala ya mamailosi pa dashibodi imatsika mukuiona ndi maso pomwe simunapite kutali kulikonse. Nde ngati alemba kuti galimoto imayenda mamailosi 250, inu muwerengere ngati gawo limodzi mwa magawo atatu lachoka, muone ngati zotsalazo zikukwanira shifiti yanu yaitali kwambiri.

Zoti mufunse ndi izi, ndipo afunseni a kampani ya lease akuyankheni pa imelo osati pafoni. Kodi ili ndi heat pump? Kameneka kamagwira ngati firiji yotembenuza, kamakoka kutentha kwa mpweya wapanja n'kulowetsa mkati, nde kamadya magetsi ochepa kuyerekeza ndi hita wamba yomwe ili ngati ketulo. Tesla Model Y imabwera nako kale, koma pa Volkswagen ID.3 kakhala kali kowonjezera kolipira padera, ndipo magalimoto a pa deal yotchipa kawirikawiri amakhala a trim yotsikitsitsa (ya zinthu zochepa mkati) omwe ali kale pa sitoko, simungawonjezemo kanthu. Musangowerenga pa intaneti kuti mtundu wakuti uli nako, funsani za galimoto yeniyeni yomwe akubweretserani.

Kenako mipando ndi chiwongolero zotenthetsa. Kunena zoona kwa ine izi ndi zofunika kuposanso heat pump, chifukwa mpando umatentha pamphindi imodzi ndipo umadya timagetsi tochepa kwambiri, pa maulendo afupiafupi aja ndimayatsa mpando ndi chiwongolero, hita n'kuitsitsa, jekete osavula, zala zomwe zangochoka m'madzi osambitsira munthu zimapeza bwino pompo.

Chachitatu chake ndi kutenthetsa galimoto idakali pa tchaja kudzera pa app. Mumaika nthawi usiku kuti pofika 5:45 ikhale yatentha, mukamatuluka galasi lasungunuka kale, palibe zopalapala ndi khadi la kubanki, ndipo magetsi ake achoka kukhoma osati mu batire. Funsani ngati app yake ndi yaulere zaka zonse za lease chifukwa ena imakhala yolipira pakapita nthawi. Ngati mumayenda maulendo ataliatali funsaninso ngati galimotoyo imatenthetsa batire musanafike pa tchaja yothamanga, zambiri zimachita zokha mukaika tchajayo pa mapu a galimoto momwemo, popanda zimenezo batire yozizira imalandira moto pang'onopang'ono ndipo mumakhala pa services (malo opumira pa motorway) nthawi yaitali.

Nanga plug-in hybrid?

Iyi ili ndi zonse ziwiri, kabatire kakang'ono ndi injini, ndipo kwa amene mtima sunakhazikike imaoneka yabwino. Ili bwino ngati mukuitchaja usiku uliwonse. Osaitchaja ndiye kuti mukungonyamula batire yolemera pa petulo. Pa nkhani yozizira samalani, zina mukangoyatsa hita injini imalira pompo chifukwa zilibe hita yamagetsi, nde nyengo yonse yozizira mukuotcha petulo ngakhale batire ili yodzadza. Toyota RAV4 plug-in ili ndi heat pump. Pa zinazo, poyesa galimoto kwa dila yatsani hita mwamphamvu ili pa EV mode (yoyendera batire yokha) n'kumvetsera ngati injini yalira.

Chachisanu: mapepala athu

Laisensi yaku Malawi imagwira miyezi 12 chifikireni ndipo sisinthidwa mwachindunji ngati ya ku Zimbabwe kapena South Africa, pamafunika mayeso, ndipo makampani ambiri a lease amafuna ya UK komanso amayang'ana credit yanu ndi ma adiresi a zaka zitatu zapitazo. Onaninso tsiku lomwe visa ikutha, kusiya lease pakati ndi kodula kwambiri, ngati zatsala zaka ziwiri tengani ya miyezi 24.

Amene muli ku NHS kapena kukampani yomwe ili ndi salary sacrifice (ndalama ya lease kumadulidwa pa malipiro anu), funsani kumeneko kaye chifukwa ndalama imadulidwa msonkho usanachotsedwe, inshuwalansi ndi sevisi zimakhala momwemo, ndipo msonkho wa galimoto yamagetsi yotereyi unkawerengedwa pa 3 peresenti chabe ya mtengo wake m'chaka cha 2025/26, wa plug-in hybrid ndi wokwererapo. Koma malipiro anu papepala amatsika, zomwe zimakhudza penshoni, ndipo saloledwa kutsika pansi pa minimum wage, nde ambiri a care sitikwanira. Amene muli pa sponsorship musasaine HR asanakulembereni kuti sizikhudza visa yanu, ndiponso akuuzeni zomwe mudzalipire mukasiya ntchito pakati.

Tsiku lomwe galimoto yafika, dalaivala asanachoke izungulireni mukujambula vidiyo, matayala, marimu, galasi, mipando, nambala ya mamailosi, muone ngati zingwe zotchajira zilimo, n'kuyatsa mpando wotenthetsa kuti mutsimikize kuti ndi trim yomwe munasainira. Vidiyoyo isungeni pa imelo, mutsitsenso kabuku ka BVRLA (bungwe la makampani obwereketsa magalimoto) kofotokoza kuti kukalika kovomerezeka ndi kotani, ndi komwe makampani ambiri amagwiritsa ntchito tsiku lodzatenga galimoto yawo.