Momwe mungaziziritsire Steam Deck musanakweze liwiro la purosesa

Purosesa ya Steam Deck, kakompyuta ka m'manja kosewerera magemu, ikafika madigiri 100 a Celsius imadzichepetsa yokha liwiro, ndipo pa 105 makinawo amangozima. Ndiye kuikwezera liwiro ili yotentha kale nkutunga madzi ndi dengu. Valve, kampani yopanga Steam Deck, inaipanga kuti CPU (gawo lowerengera) izifika liwiro la 3.5 GHz, GPU (gawo lojambula zithunzi) 1.6 GHz, zonsezo zikugawana mawati 15 okha. Yambani ndi kuziziritsa, liwiro pambuyo.

Musanamasule chilichonse, yezani. Dinani batani la madontho atatu lija, tsegulani gawo loonetsa kagwiridwe ka ntchito, sewerani gemu yolemera kwa mphindi 20, mulembe madigiri amene mwaona. Popanda nambalayi simudzadziwa ngati mwakonza kapena mwaononga.

Kenako fumbi. Mpweya umalowera kumbuyo nkutulukira pamwamba, choncho kusewera mutagoneka makina pabulangete nkuwatseka mphuno. Tsukani timabowoto ndi kaburashi kofewa.

Tsopano kutsegula. Chotsani kaye khadi la microSD. Ndikunenetsa, chifukwa likatsalamo limathyoka pakati mukamakanula chivindikiro, magemu onse nkupita nalo. Zimitsani makina, gwirani batani lokwezera mawu nkudina loyatsira kuti mulowe mu BIOS (pulogalamu yoyambitsa makina), musankhe Battery Storage Mode, yoletsa makina kuyaka mwangozi. Masulani masikuluwu asanu ndi atatu akumbuyo, kanulani ndi kapulasitiki kopyapyala, osati mpeni. Chotsani kachitsulo kophimba bodi, ndipo musanakhudze china zulani chingwe cha batire. Popemerera fani kuti fumbi lichoke, igwireni ndi chala isazungulire.

Mukamasula heatsink, chitsulo chochotsa kutentha, mupeza thermal paste yakale, phala lodutsitsa kutentha, pamwamba pa purosesa. Ipukuteni ndi isopropyl alcohol mpaka pang'anime. Mutha kupaka paste yatsopano, kadontho kakang'ono basi, koma ine ndimakonda PTM7950 ya Honeywell. Ndi kapepala kotuwa kamene kamasungunuka pa madigiri pafupifupi 45 nkudzaza timipata tonse, ndipo sikafulumira kuuma. Kuvuta kwake nkumata: kamang'ambika msanga mukamasenda pulasitiki yake. Kaikeni mufiriji kwa mphindi zingapo kalimbe, mudule molingana ndi purosesa. Masiku oyamba madigiri sangatsike kwambiri, kamafuna katenthe nkuzizira kangapo kuti kakhazikike. Tizipangizo tozizira ngati ayezi tomata kumbuyo tija tisiyeni, tikhoza kuchititsa chinyezi, ndipo chinyezi ndi bodi sizimwerana madzi.

Bwezerani zonse, sewerani gemu yomwe ija mphindi 20 zomwe zija, muyerekeze.

Madigiri akatsika, musathamangire kukweza ma MHz a liwiro. Yambani nkuchepetsa mphamvu ya magetsi yopita ku purosesa, zimene BIOS imalola kuyambira 2023: tsitsani ndi 10 mV (mamilivoti), sewerani ola limodzi, makina akapanda kuuma (kungoima osayankha) tsitsaninso. Akauma kapena kuzima, bwererani sitepe imodzi. Apa mpamene pali phindu lenileni, chifukwa mawati 15 aja amayamba kukwanira ntchito yambiri.

Kudutsa 3.5 GHz kapena mawati 15 kumafuna kutsegula magawo obisika a BIOS, ndipo nambala imodzi yolakwika ikhoza kusiya makina osayaka, waranti nkukhalanso pachiswe. Ngati mwatsimikiza mtima, sungani kaye kope la BIOS yanu, kwezani ndi 50 MHz nthawi imodzi, maso ali pa madigiri. Batire izitha msanga, fani izilira kwambiri, ndiye sewerani chaja ili pafupi.