Zidole za ana, sankhani zopanda mabatire

Makolo anzanga, mukamagula zidole yesani kusankha zopanda mabatire. Zoyimba ndi kuthwanima zija mwana amangodina batani n'kumaonerera basi, sizichedwa kumukwana, pomwe timabuloko tamatabwa, mpira, chidole chansalu kapena kagalimoto kokankha ndi manja amachita kuganiza yekha, lero wamanga nyumba mawa wamanga mlatho, uku akuyankhula yekhayekha nkhani zake, zimasangalatsa kumuona.

Koma chomwe chimandiopsa kwambiri ine ndi timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama yachitsulo tija. Mwana akameza kamatha kukakamira kummero n'kumuwotcha mkati pa maola 2 okha, ndiye zikachitika musati tione kaye, thamangirani naye kuchipatala. Timaginito natonso n'toopsa akameza.

Kwa mwana wosakwana zaka 3, chilichonse chokwana mu kachubu kamkati mwa tishu kaja n'chaching'ono kwambiri, angatsamwe nacho. Pogula kokaniko maso a chidole ndi matayala muone ngati sakuzuka, chamatabwa chisisiteni ndi chala pasakhale pobaya kapena penti yomatuka, poti ana chilichonse amaika mkamwa. Cha chingwe chachitali chisiyeni, chimakulunga pakhosi.