Alaimenti ya Mazda MX-5 pokonzekera autocross

Autocross ndi mpikisano woyendetsa galimoto mwachangu mozemba makoni apulasitiki. Pokonza alaimenti, kapena kuti kaimidwe ka mawilo, ine ndimayamba ndi caster, kupendekera cham'mbuyo kwa mzere umene wilo limakhoterapo: kutsogolo ndimaikweza kufika madigiri 5, kuti chiwongolero chizibwerera chokha potuluka pakona. Kenako camber, kupendekera kwa kumwamba kwa wilo mkati kapena kunja. Mawilo akutsogolo apendekere mkati madigiri 2, akumbuyo 1.5. Matayala adzadyeka chamkati, inde, koma pokhota tayala lonse limagwira phula.

Toe, kuloza kwa mawilo kunja (kutseguka) kapena mkati (kutsekeka), ndiye imapusitsa anthu. Kutsogolo ikani ziro, kapena mawilo atseguke milimita imodzi kuti galimoto izikhota msanga pozemba makoni apulasitiki aja. Kumbuyo musayerekeze kutsegula. Ndinayesapo, galimoto inazungulira ngati nguli. Atsekeni pang'ono.

Amakaniko akamayeza, khalani pampando wa dalaivala. Mukatha kuthamanga, gwirani tayala: ngati m'mphepete mwakunja mwatentha kuposa mkati, onjezani camber.